Kukabereka Agogo ku Broome

Ulendo wa ku Broome unayambira pampanda wa kuseri kwa nyumba yathu ku Bentley, mumzinda wa Perth ku Australia. Maungu anga anayanga mpaka kudumphira kwa aneba, ndipo tsiku lina nditaweruka kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ya unamwino, ndinapeza mayi wamfupi wa imvi ataima pakhomo ndi dzungu m'manja, akuwerama ngati wolakwa ndi iyeyo. Amenewo anali Mayi Haruko a ku Japan, omwe anabwera kudzathandiza mwana wawo Kenji, wochita kafukufuku payunivesite, chifukwa mkazi wake anali woyembekezera. Ndinawauza kuti dzungulo akaphike. Mawa lake anandibweretsera mbale ya ndiwo zowawasa zakwawo, ine ndinabweza mbaleyo muli mandasi, ndipo kuyambira pamenepo mbale ija sinagonepo m'nyumba imodzi masiku atatu.

Chingerezi chawo chinali cha mawu owerengeka, koma pamene chathera panali foni yomasulira, ndipo pamene foni yasokoneza panali manja. Umu ndi momwe ndinadziwira kuti kwawo ndi ku Taiji, katauni ka asodzi, komanso kuti sanabwere ku Australia chifukwa cha mdzukulu yekha. Agogo awo aamuna, bambo a mayi awo, anabwera kuno nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, kudzagwira ntchito yomira pansi pa nyanja kutola zigoba zopangira mabatani. Anamwalira pantchitopo ndipo anaikidwa ku Broome, tauni ya kugombe kumpoto kwa dziko lino. Chichitikire zimenezo, panalibe wachibale ndi mmodzi yemwe amene anakaona mandawo.

Kubanja kwawo kuli mwambo. Chaka chilichonse pa 13 Ogasiti, dzuwa lisanalowe, amapita kumanda kukatenga makolo kuti akacheze kunyumba masiku atatu. Munthu amatsuka mwala wa pamanda, kenako amatembenuka, kuwerama pang'ono, kupinda manja kumbuyo ngati wabereka mwana, n'kumayenda choncho mpaka kukafika pakhomo. Mayi awo a Haruko anabereka apongozi, anabereka amuna awo, koma bambo awo owabala sanawaberekepo, ndipo anamwalira akudandaula zomwezo. Mayi Haruko anali ndi zaka 74, chitupa chawo chokhalira kuno chinkatha mu Seputembala, ndipo ankadziwa kuti sadzabweranso. Ogasiti wa chaka chimenecho ndiye unali mpata wokhawo.

Tikiti ya ndege anali atagula kale. Kutatsala milungu itatu, diso lawo lamanzere linachita mdima mwadzidzidzi. Madokotala analikonza, koma anasiyamo kampweya kogwiriziza m'kati, ndipo lamulo lake ndi limodzi: osakwera ndege mpaka kampweyako kathe, apo ayi diso lapita. Kenji sakanachoka, khanda linali litangobadwa kumene. Ndinawapeza mayiwo atakhala pakhonde, tikiti ili pamwendo, osalira, osadandaula, akungoisisita ndi chala. Ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndimadzidziwa. Ndinangomva ndanena kale kuti, "Tikuperekezani pagalimoto."

Mapu ndinali ndisanaone. M'mutu mwanga, poti Broome ndi Perth zili m'chigawo chimodzi, ndinkati ndi ngati Lilongwe ndi Karonga. Amuna anga a Mbewe, omwe kumudzi ankayendetsa minibasi ndipo kuno amasamalira okalamba, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mayi a Tadala, mwalonjeza Lilongwe mpaka Joni, n'kupitirirako. Mwafunsa ndani?"

"Ndikufunsa inuyo panopa."

"Za mizimuzo ine sindilowererapo, ndine mkulu wa mpingo," anatero akupukuta misozi ya phwete. "Koma munthu wamkulu sangabwerere kwawo osaona manda a agogo ake galimoto ili panja. Kapempheni holide."

Tinanyamuka pa 9 Ogasiti m'mamawa, titawerengera masiku atatu oyenda ndi awiri apadera. Dokotala anatiuza kuti tidzere msewu wa m'mbali mwa nyanja, chifukwa wa kumtunda umakwera mapiri ndipo kampweya kaja kamatupa munthu akakwera. Tikupakira katundu, ndinaona a Mbewe akulowetsa khasu m'buti, lenileni lakumudzi lija analibweretsa m'sutikesi n'kudzalizika mpini kuno.

"Limenelo ndi lachiyani?"

"Tikupita kumanda, si choncho? Zaka zonsezi palibe wafikako, mukuganiza kuti udzu uli bwanji?"

Mwana wathu Tadala, yemwe ankatsala kuti aziyang'anira nyumba, anawauza m'Chingerezi chake cha m'mphuno kuti kuno manda amasamalira ndi aboma. Bambo ake anangotseka buti. Ine ndinawaseka, osadziwa kuti cholakwa chachikulu ndinali nditachita kale ndine. Usiku wake ndinali nditalemba pagulu la pafoni la Amalawi kuti tili paulendo wa ku Broome, tikuperekeza mayi wachikulire kumanda a agogo ake, mutikumbukire m'mapemphero.

Tinafika ku Geraldton masana, cholinga chili chakuti tingothira petulo n'kupitirira mpaka ku Carnarvon. Foni inalira. Anali achemwali a Nabanda, namwino mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku Lilongwe.

"Mungadutse pamudzi panga ngati alendo a kuhotela? Tiyi yekha, mphindi makumi awiri."

Titafika tinapeza nkhuku ikanali gwa ngati mwala, angoitulutsa kumene mufiriji. Ndinayesa kunena kuti tikufulumira, koma achemwaliwo anali atagwada kale pamaso pa Mayi Haruko ndi beseni la madzi osamba m'manja. Mayiwo, poona munthu wagwada, nawonso anatsika pampando n'kugwada, ndipo zinatitengera nthawi kuti tiwadzutse onse awiri. Nkhuku inapsa cha m'ma 4. Kuno munthu wanzeru sayendetsa galimoto kutchire dzuwa likapendeka, chifukwa makangaru amadumphira mumsewu mosafunsa. Tinagona komweko.

M'mamawa Mayi Haruko anatulutsa kabokosi kokutidwa bwino ndi pepala la maluwa n'kupereka ndi manja awiri. Anali atakonza timabokosi totere tisanu, poti kwawo munthu sadya za mnzake osasiya kanthu. Achemwali a Nabanda anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi chitenje chatsopano chabuluu. Ndinaona nkhope ya mayiwo ikugwa. Kwa iwo mphatso imatseka nkhani, pomwe kwa ife imaitsegula. Ndinawapepesa chifukwa cha tsiku lomwe tataya, iwo anawerama nati, "Palibe vuto." Ndinawakhulupirira.

Kuchoka ku Geraldton dziko limayamba kutha pang'onopang'ono. Minda ya tirigu imasanduka zitsamba, zitsamba n'kusanduka dothi lofiira, ndipo mukhoza kuyenda ola lathunthu osaona denga. Mayi Haruko, omwe tinawapatsa mpando wakutsogolo, ankayang'ana ndi diso lawo limodzi labwino, akupukusa mutu.

"Malo onsewa, mwini wake ali kuti? Kwathu ukatuluka pakhomo lakutsogolo uli m'nyanja, ukatulukira lakumbuyo wagunda phiri."

"Nanga mumalima kuti?" anafunsa a Mbewe, omwe sakhulupirira kuti pali mtundu wa anthu wosalima.

"Munda wathu ndi nyanja."

Anafotokoza, foni ikuthandizira. Taiji ndi kamphuno ka miyala kolowa m'nyanja yaikulu, kum'mwera kwa chigawo cha Wakayama, kokhala ndi timagombe tokhotakhota momwe maboti amabisala kukachita namondwe. Pafupi pake pamadutsa madzi ofunda ochokera kum'mwera, ndipo m'madzi amenewo mumadutsa anangumi. Kalekale amuna ankaima pamwamba pa matanthwe kuyang'ana nyanja. Akaona nangumi ankafukiza utsi ndi kukweza nsalu, maboti opakidwa utoto wowala n'kutuluka ndi maukonde ndi mikondo. Panalibe wokhala chabe. Ena ankapota zingwe, ena kusula mikondo, ena kuyenga mafuta, ndipo nangumi mmodzi ankadyetsa mudzi wonse ndi midzi yoyandikana.

"Ndiwo ya mudzi wonse nsomba imodzi," anatero a Mbewe mosilira. "Ife usipa timachita kuwerengana."

Kenako mayiwo anakamba za chaka cha njala, kale kwambiri, agogo awo asanabadwe. Kunali lamulo loti nangumi wamkazi amene ali ndi mwana sasakidwa, koma chaka chimenecho kunalibe china, ndipo amuna anatuluka madzulo kutsata mayi ndi mwana wake. Mphepo inawakokera kutali, amuna oposa zana sanabwerere. Mudzi unatsala ndi amasiye ndi anyamata opanda maboti. Apa m'pamene anyamata a ku Taiji anayamba kupita kunja, ena ku America, ambiri ku Broome, chifukwa madzi sankawaopa. Ankavala chisoti chachitsulo, mnzawo akuwapopera mpweya kuchokera m'boti, ndipo ambiri ankafa akavuulidwa mofulumira. Zomwe ankatumiza kumudzi ndi zomwe zinadzutsanso tauni. Mpaka lero kuli nyumba zamatabwa zopakidwa penti ngati za azungu, zomangidwa ndi anthu obwera kunja.

A Mbewe anandiyang'ana pagalasi.

"Mayi a Tadala, mwamva? Agogowa anali matchona ngati ife tomwe. Nawonso anamanga ya malata kumudzi osagonamo."

Ndinaseka, koma mawuwo anandilasa, chifukwa nyumba yathu ya ku Dedza tagonamo milungu itatu yokha chiimangire.

Ku Carnarvon tinapeza kanyumba kolipira pamalo oimikapo makalavani, tinyumba tokokedwa ndi galimoto, ndipo ndinasangalala kuti kuno sitikudziwa munthu. Tisanatsitse n'zikwama zomwe, panafika bambo wina wa ku Mzimba amene amagwira ntchito m'minda ya zipatso. Achemwali a Nabanda anali atamuimbira. Anatisiyira katoni ya nthochi ndi ina ya matimati, Mayi Haruko anatulutsa kabokosi kachiwiri, bambo uja anabwerera kugalimoto yake n'kuwonjezera thumba la anyezi. Mayiwo anandiyang'ana ngati akupempha thandizo, ine ndinalibe chowathandiza.

Pa 11 Ogasiti tinali ndi mtunda wautali wopita ku Karratha. Malo othira petulo amatalikirana kwambiri, ndipo mtengo umakwera pamalo aliwonse, moti a Mbewe ankaima pampope akuuyankhula ngati kondakitala wakuba. Pamalo ena otere, tikudikira chakudya, mzungu wachikulire wa ndevu zoyera, amene ankakoka kalavani ndi mkazi wake, anafunsa mayiwo kumene amachokera. Atamva dzina la Taiji nkhope yake inasintha. Anati analiona dzinalo pakanema, kuti ndi kumene amatsekera anangumi aang'ono aja otchedwa madolofini m'kagombe n'kuwapha. Ine ndinayamba kufunafuna mawu oti ndithetse nkhani, koma Mayi Haruko anaika kapu pansi.

"Ndi zoona, zimachitika. Ine ndadula nsomba pamsika zaka makumi atatu, nyama ya nangumi ndadya chiyambire ubwana. Mwana wanga sadya. Timakangana kunyumba. Achinyamata akutha, onse akupita ku Osaka. Otsala amatchera nkhanu ndi nsomba, ena amalandira alendo odzaona malo. Ife tomwe sitidziwa kuti mawa tauni idzadya chiyani. Koma lero ndikupita kumanda a agogo anga."

Mzungu uja anang'ung'udza kenakake, n'kunyamula chakudya chake kukadyera panja. A Mbewe anati munthu wa mwano ameneyo. Mayiwo anati ayi, ndi munthu wokonda nyama, ndipo anapitiriza kumwa tiyi.

Ku Karratha ankatidikira a Tembo, a ku Zambia kuchigawo cha kum'mawa, omwe amakonza makina kumigodi ndipo amatchulana alamu ndi amuna anga. Tinagwirizana m'galimoto kuti pano tingogona, m'bandakucha tinyamuke mpaka ku Broome, tikafike kutatsala tsiku lathunthu. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene a Tembo, titatha kudya, anafunsa funso limodzi lokhudza agogo aja.

"Alamu, manje ni ndani analila pa malilo yao?"

A Mbewe anafotokoza kuti anaikidwa ndi anzawo a pantchito, kumudzi kunangopita kalata.

"Olo m'bululu umozi kunalibe? Ndiye malilo ayo siyanasile. Simungayende so chabe monga muyenda kushopu. Mailo kuseni tizapempela, pa naini, mukayende bwino."

Ankatanthauza kuti malirowo sanathe, ndipo mawa m'mamawa tipemphere kaye tisananyamuke. Akazi awo anali atayamba kale kuimba mafoni. Ndinafuna kukana, koma mungamukanize bwanji munthu kupempherera maliro m'nyumba mwake? Ndinamasulira kwa Mayi Haruko, ndikuyembekeza kuti akana ndi iwo. Anawerama nati, "Palibe vuto."

Naini koloko inakwana tili asanu. Ena ankadikira kuweruka shifiti ya usiku, wina anapita kukatenga mnzake ku Dampier, wotsogolera nyimbo anali asanasambe. Tinayamba dzuwa lili paliwombo. Panasonkhana anthu pafupifupi makumi awiri, Amalawi, a ku Zambia, ndi banja lina la ku Zimbabwe lomwe linangomva kuti kuli maliro. Amayi anavala zitenje n'kukhala pansi miyendo ili tambalale, ndipo mmodzimmodzi ankakwawa ndi maondo kukagwira dzanja la Mayi Haruko n'kunena kuti pepani. Mayiwo ankawerama kwa aliyense mpaka chipumi kufika pamkeka, ine ndikudera nkhawa diso lija. Kunena zoona nyimbo zinali zokoma. Koma pambuyo pa nyimbo panali ulaliki, pambuyo pa ulaliki chakudya, pambuyo pa chakudya zithunzi. Timabokosi titatu totsala tinathera pomwepo, mpaka mayiwo anavula chipewa chawo cha dzuwa n'kupatsa akazi a a Tembo. Kubweza kwake kunali thumba la ufa, ndowa ya kapenta, usipa wa kwawoko, ndi makatoni awiri a madzi akumwa. Galimoto inachoka pamenepo cha m'ma 3, kumbuyo kutatsika ngati minibasi ya tsiku la msika.

Tinangofika pa Port Hedland, tauni ya fumbi lofiira ndi sitima zazitali zonyamula miyala ya chitsulo. Madzulo ndikukawathira mankhwala m'diso, ndinawapeza atayala mapu pabedi, akuyeza ndi chala mtunda wotsala. Anali makilomita mazana asanu ndi limodzi, ndipo mawa lake linali 13. Anandigwira dzanja.

"Mayi Tadala. Mawa, chonde."

Ndinachita manyazi kwambiri. Masiku anayi onsewo mayiyu ankapsa mumtima, koma kwawo munthu amene akuchitiridwa chifundo sanena kuti fulumirani. Ifenso kwathu mlendo sauza mwini nyumba kuti nkhuku yanu ikuchedwa. Ulemu wawo ndi ulemu wathu unali utadya masiku awiri, ndipo amene anayambitsa zonsezi ndi uthenga wanga uja. Ndinazimitsa foni n'kuiponya pansi penipeni pa chikwama.

Tinanyamuka kutangoyera. A Mbewe ankaimba nyimbo za kwaya, msewu uli see, ndipo titathira petulo ku Sandfire cha m'ma 10 ndinayamba kupuma bwino. Tisanapite patali tinaona utsi kutsogolo, kenako mzere wa magalimoto oima. Tchire linkapsa mbali zonse za msewu ndipo ozimitsa moto anali atatseka njira. Atsegula nthawi yanji? Mphepo ikatembenuka. Itembenuka nthawi yanji? Mnyamata wozimitsa moto, wa chovala chachikasu, anangotambasula manja.

Tinadikira ola loyamba tikucheza, lachiwiri tikuthamangitsa ntchentche. Anthu anatulutsa mipando, wina anayamba kuwotcha soseji kuseri kwa kalavani yake. Mayi Haruko anaona mwayi wochepetsa ngongole ya mphatso, anatsegula katoni ya nthochi n'kuyamba kuyenda galimoto ndi galimoto akugawa ndi manja awiri. Dzuwa litafika poipa, a Mbewe anaona kamtengo patali pang'ono ndi msewu, ndipo mzimu wa minibasi unawadzukira.

"Tiwaikire mayiwa pamthunzi. Ine ndadutsa m'matope a ku Mitundu, mchenga uwu ndi chiyani?"

Galimoto inayenda mamita khumi n'kukhala pansi. Anaponda moto, matayala anakumba, mimba ya galimoto inagona pamchenga wofiira. Ndipo ngati kuti mphepo inkangodikira zimenezo, pasanathe mphindi zochepa msewu unatsegulidwa. Inali hafu pasiti 2. Anthu onse aja anapinda mipando mothamanga, mzere unayamba kuyenda, ife tili pansi pa kamtengo kathu.

Sindinawakalipire a Mbewe, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe. Anatsika osayang'ana munthu, anatsegula buti, tinatsitsa ufa, kapenta, anyezi, matimati ndi madzi, ndipo pansi pa zonsezo panatuluka khasu lija. Anavula shati n'kuyamba kukumba ngati ali m'dimba. Ine ndinkathyola nthambi zoika kunsi kwa matayala. Mayi Haruko anagwada n'kumapala mchenga ndi mbale yathu ya mandasi ija, ndikuwaletsa osamva. Ankati akayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana msewu.

Tikukumba choncho, galimoto yaikulu yokoka kalavani inapatuka n'kuima m'mbali mwa msewu. Anatsika mzungu wa ndevu zoyera uja, khoko la nthochi lili m'manja. Anaima n'kuyang'ana khasu kwa nthawi.

"Chida chabwino chimenecho. Mwachigula kuti?"

"Ku Dedza," anatero a Mbewe, thukuta lili kamukamu.

Sanafunsenso kuti Dedza ili kuti. Anamasula kalavani yake, anatulutsa chingwe, ndipo poti khasu linali litatsegula kale njira, anangokoka kamodzi galimoto n'kutuluka. Mkazi wake anatithandiza kupakira. Mayi Haruko anafufuza m'chikwama chawo, munalibe kanthu kotsala, choncho ananyamula ndowa ya kapenta n'kumupatsa ndi manja awiri. Mzunguyo anatsegula, ananunkhiza, anatseka msanga, koma analandira.

"Thamangani," anawauza mayiwo. "Agogo anu akudikira."

Inali itangokwana 3, kutsogolo kuli makilomita oposa mazana awiri. Za mtunda umenewo ndilibe zambiri zokamba. A Mbewe sanaimbe, ine ndinkayang'ana ng'ombe m'mbali mwa msewu, mayiwo ankayang'ana dzuwa. Tinalowa m'Broome mithunzi itatalika, ndipo tinaima pachipata cha manda a anthu a ku Japan dzuwa litatsala pang'ono kukhudza mitengo.

A Mbewe anatsika ndi khasu paphewa, n'kuima. Munalibe udzu ndi umodzi womwe. Pansi panali timiyala toyera tosalazidwa bwino, ndipo miyala ya pamanda inali mazanamazana, yambiri yosasema, yongotola kugombe n'kulembapo. Anatsamiritsa khasu lawo pampanda mwakachetechete, ine ndinayang'ana kumbali kuti asaone kuti ndikuseka.

Kenji anali atatijambulira papepala mzere umene unali ndi manda a agogowo. Mayi Haruko ankayenda ndi ndodo, akuima pamwala uliwonse n'kupapasa zilembo ndi zala, chifukwa diso limodzi silinkakwanitsa. Pamwala wachisanu ndi chitatu anasiya ndodo n'kugwada. Unali mwala waung'ono wofiirira, wofika m'chiuno. Anautsuka ndi madzi a kwa a Tembo aja, anaupukuta ndi kansalu, anayatsa timitengo tonunkhira, n'kuyamba kuyankhula m'chinenero chawo, motsitsa, ngati munthu amene akupereka malonje. Ndinamva akutchula Geraldton, Karratha, ndi dzina la amuna anga. Penapake anaseka, kenako analira, ndipo nanenso ndinalira osadziwa chimene chikunenedwa.

Atatha anaimirira, anafulatira mwala, anawerama pang'ono n'kupinda manja kumbuyo. Anaponda kamodzi, kachiwiri anadzandira. Ndi diso limodzi sankatha kuyeza pansi, ndipo popanda ndodo timiyala tija tinkawaterera. Ndinawagwira pamkono, koma anapukusa mutu, ulendo umenewu munthu amayenda yekha. Anayesanso, anatsala pang'ono kugwa. Akatenga ndodo, manja achoka kumbuyo. Anaima pomwepo atawerama, dzuwa likulowa, osadziwa chochita.

Apa ndiye panali pa ntchito yanga, chifukwa za mizimu sindidziwa koma kubereka ndimadziwa. Ndinathamangira kugalimoto n'kubwera ndi chitenje chabuluu cha achemwali a Nabanda.

"Weramani choncho. Kwathu mwana sitigwira ndi manja, manja amakhala ndi ntchito."

Ndinachiyala pamsana pawo, mbali ina paphewa, ina kunsi kwa mkhwapa, ndinasiya thumba kumbuyo monga timachitira ndi mwana wamkulu, n'kumanga mfundo pachifuwa. Anaigwira mfundoyo, anadzigwedeza pang'ono ngati mayi amene akukhazika mwana bwino, ndipo ndinawapatsa ndodo yawo. Anayenda okha pakati pa miyala ija mpaka kuchipata, kuwala kukanalipo.

A Mbewe, mkulu wa mpingo uja wosalowerera za mizimu, anali atavula chipewa n'kutsegula chitseko chakumbuyo, komwe kuli malo ambiri. Anaika dzanja pamwamba pa chitseko.

"Pang'onopang'ono, mayi. Musawagunditse mutu."

Kunyumba yomwe tinalipira kunali mphindi zisanu, koma tinayenda khumi ndi zisanu, magalimoto akutidutsa. Mayi Haruko anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, osatsamira, monga amakhalira mayi aliyense wobereka m'minibasi. Ndinawafunsa ngati pakatha masiku atatu tidzawabwezere agogowo kumanda, monga mwa mwambo.

"Awa ayi," anatero. "Akhalitsa kuno. Ndikupita nawo ku Taiji."

A Mbewe anatsokomola n'kuyang'ana pagalasi.

"Ndiye muwauziretu kuti pobwerera tidzera kwa a Tembo. Asakhale ndi changu."

Mayi Haruko anatembenuzira mutu paphewa, ananong'oneza kenakake m'chitenje muja, n'kudikira kaye pang'ono.

"Akuti palibe vuto."